MADZI SAIWALA KHWAWA

Mwezi wa October, moto wa lupsa utatha kudya udzu, dziko la Petauke ndi Nyimba limaonetsa zinthu zimene limabisa caka conse. Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, akaoloka mlatho wa Luangwa, napyola mapiri a Kacholola, nafika m'minda ya Ansenga, amaona pa zitunda zina mizere yaitali yopingasa, yokhota monga mmene citunda cikhotera, ina yoduka pakati, ina yofafanizika ndi mapazi a ng'ombe. Akatsikira kudambo apeza zitsime zokwiririka, mitumbira yakale yomera nsenjere, ndi tingalande toyenda m'mphepete mwa dambo. Pena apezanso khoma la damu limene kumbuyo kwace kuli mcenga wokhawokha. Zonsezi ndi nchito ya manja a anthu amene anafuna kugwira madzi asanathawe, ndi kuwatsogolera kumene kunali mbeu ndi msipu.

Anthu ambiri amapita pamenepo osaima. Mwini munda amabwera ndi pulawo yace nasalaza mgula wakale, cifukwa umabvuta ng'ombe potembenuka. Woocha makala amagwetsa mitengo ya kumutu kwa mfuleni. Mnyamata amene watsiriza sukulu, akafunsidwa za mizere ija, amaseka nanena kuti nza makedzana, kuti ulimi weniweni wothirira ndi wa injini ndi mipope, umene udzafika Boma likadzakumbuka. Atatu onsewa alakwa, ndipo kulakwa kwao si kwamasewera ai, pakuti malipiro ace ndi nkhokwe yopanda kanthu mwezi wa January.

Zizindikiro zimenezi siziri za msinkhu umodzi. Zakale kopambana ndi za m'madimba. Makolo a Ansenga ndi Acewa anadziwa makhalidwe a dambo monga mai adziwa makhalidwe a mwana wace. Anadziwa kuti m'mphepete mwace, pamene mcenga wa kumtunda ukumana ndi dothi lakuda la makande, ndi pamene madzi a pansi amatulukira, ndipo pamenepo anakumba zitsime zosazama. Anadziwanso kuti kangalande kamodzi kali ndi nchito ziwiri: mvula itangoleka kamacotsa madzi oculuka kuti mizu isaole, ndipo dzuwa likakula mu August ndi September mwini amakatseka ndi zibuma kuti madzi akwere nanyowetse mitumbira. Pa mitumbirayo anabzala cimanga, maungu, nyemba, mpiru, nzimbe ndi fodya. Cimanga ca kudimba cinali kukhwima pamene ca kumunda cikali m'maondo, ndiyo nthawi imene njala imaluma kwambiri. Ngakhale nthoci zimene amai amagulitsa kwa apaulendo pa Nyimba zimakonda malo a cinyontho omwewo, m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje.

Mizere ya pa zitunda ndi madamu ambiri akale ndi a nthawi ya Boma la Angerezi, ndipo mbiri yace ndi yowawa. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, dziko lalikulu la kum'mawa kwa Luangwa linakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland. Ca m'ma 1928 anthu anaunjikidwa m'malo opatulidwa ochedwa marizevu, kuti dziko lotsalalo lidikire alimi acizungu, amene ambiri a iwo sanabwere konse. M'marizevumo anthu anathithikana, nthaka inaguga, zitunda zinang'ambika zigwembe, pamene dziko la kampani linali kubwerera ku chire. Mu 1941 Boma linagula dzikolo kwa kampani, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri ya ku Petauke ndi ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, inasamutsidwira ku malo atsopano. Kumeneko kunakumbidwa zitsime ndi madamu, ndipo anthu analamulidwa kuunda migula yopingasa ndi kusiya malo osalima m'mphepete mwa mitsinje. Wokana anali kuimbidwa mlandu ku khoti la mfumu, nalipira.

Mau a mnyamata wa sukulu uja, akuti kuthirira kunadza ndi injini, ndi mau a munthu amene anaphunzitsidwa maina a mitsinje ya ku Ulaya koma sanauzidwe za anansi ace. Kum'mwera kwa Zambezi, m'mapiri a Nyanga ku Zimbabwe, zitunda zosawerengeka ziri ndi makwerero a miyala oundidwa ndi manja, ndi ngalande zoyenda mtunda wautali m'mbali mwa mapiri, zotenga madzi kumtunda kwa mtsinje ndi kuwafikitsa ku midzi ndi ku madimba. Azungu oyamba kuziona anaganiza kuti anazimanga ndi alendo ocokera kutsidya la nyanja. David Randall-MacIver, amene anafufuza kumeneko mu 1905, anaonetsa kuti ndi nchito ya eni dziko, ndipo Robert Soper, m'buku lace la 2002, anafotokoza kuti anthu amenewa anakhala m'mapirimo kuyambira ca m'ma 1300 mpaka m'zaka za m'ma 1800. Ku Engaruka, m'dziko la Tanzania, alimi anathirira minda ya mahekitala ngati 2,000 ndi ngalande za miyala kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Achagga a pa phiri la Kilimanjaro ndi Amarakwet a ku Kenya akali kuyendetsa madzi m'ngalande zimene anakumba makolo ao. Ndipo Bishopu Charles Mackenzie, atafika kwa Amang'anja a ku Shire mu 1861 ndi mtima wofuna kuwaphunzitsa ulimi, anabvomera yekha kuti iwo anaudziwa kumposa iye. Za ku Petauke ndi zazing'ono pozilinganiza ndi za ku Nyanga, ndipo ndi za dothi, si za miyala, koma nzeru yace ndi imodzi: madzi amatsika okha, ndipo munthu wodziwa mtsetse akhoza kuwatuma ndi khasu.

Azungu eni ace anali ndi kathiriridwe komweko kwao. M'mapiri a Valais ku Switzerland, ku Luxembourg, ndi ku Devon m'dziko la England, alimi anali kupatutsa madzi a mfuleni kumtunda, nawayendetsa m'ngalande yopingasa phiri, yotsika pang'ono cabe. Pofuna kuthirira anali kutseka ngalandeyo ndi thabwa kapena mwala, madzi nasefukira pa udzu monga nsalu yoyala. Ngalande yaciwiri ya kumunsi inali kuwalandira ndi kuwamwazanso, ndipo otsala anali kubwerera kumtsinje. Motero msipu unali kuphuka msanga, ndi udzu wa ng'ombe unali kuculuka. Fetereza ndi mathirakitala zitabwera, ngalande zambiri zinasiyidwa cifukwa zinali kuchinga makina, natsala mizere yokha pa mapiri, monga ya ku Petauke. Koma mu December 2023 bungwe la UNESCO, lomwe linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, linasonkhana ku Kasane m'dziko la Botswana, pafupi ndi Kazungula, nilemba kathiriridwe ka makolo ka maiko 7 a ku Ulaya m'kaundula wa cuma ca nzeru za anthu onse. Maikowo ndi Austria, Belgium, Germany, Italy, Luxembourg, Netherlands ndi Switzerland. Cotero eni mathirakitala akufukula ngalande za agogo ao, pamene mwini ng'ombe ziwiri wa kwa Nyamphande akukwirira zace kuti aoneke wotsogola.

Alipo ena, makamaka acikulire, amene mau ao ali olemera koposa a mnyamata uja. Iwo amati migula inali goli la Mzungu: anthu anaiunda ndi misozi, kapitao ali pambuyo, dzuwa la October liri pamutu, nthaka iri gwa, ndipo ufulu utafika mu 1964 kunali koyenera kuitaya pamodzi ndi citupa. Dandaulo limeneli ndi loona. Boma lomwe linaunjika anthu m'marizevu mpaka nthaka kuguga ndilo linabweranso kudzawalanga cifukwa ca kuguga kwa nthakayo, ndipo silinaganize zofunsa nzeru kwa eni madimba. Mkwiyo unali ndi malo ace. Komatu mvula sidziwa kuti Bwanamkubwa anapita. Madzi akagwa pa mtsetse wopanda cochinga amathamanga lero monga anathamangira mu 1950, atanyamula nthaka ya pamwamba pamodzi ndi fetereza wa ngongole. Ndiponso amene anakhetsa thukuta pa migulayo sanali Angerezi. Anali agogo a anthu omwe akuisalaza tsopano. Woifafaniza salanga Mzungu, amene anaiwala kale za Petauke. Amangotaya colowa ca m'banja lace.

Cimene ambiri sacizindikira ndi cakuti mgula wa pa citunda ndi citsime ca kudimba ndi thupi limodzi. Mvula ya kuno imagwa miyezi isanu yokha, kuyambira November kufikira March, ndipo kawirikawiri imagwa mwamkuntho. Madzi akapeza mgula amaima, nalowa pansi, natsika pang'onopang'ono m'kati mwa nthaka kwa miyezi yambiri, mpaka adzatulukira m'mphepete mwa dambo nthawi ya cirimwe. Citunda ndico nkhokwe ya madzi, ndipo kasupe ndiye khomo lace. Mgula ukadulidwa, mitengo ya pamwamba ikasanduka makala, madzi amene akanatuluka caka conse amatha m'masiku owerengeka: amakumba cigwembe, nadzaza damu ndi mcenga, natsikira ku Msanzala kapena ku Mvuvye, kucoka apo ku Luangwa, ku Zambezi, mpaka ku nyanja ya mcere. Mai wa kudimba amene akudabwa kuti citsime cace caphwa mu August, pamene ca amace cinali kufika October, ayang'ane kumtunda, kumene mwamuna wace anasalaza mgula ndi kumene mwana wace anaunjika ng'anjo ya makala. Matumba a makala amene andanda m'mbali mwa mseu wa ku Lusaka amagulidwa ndi makwaca, koma mtengo wace weniweni umalipiridwa kucitsime.

Nanga injini? Palibe wanzeru amene angakane kuti pampu iri ndi nchito yace, ndipo mapampu oyendera dzuwa athandiza alimi ambiri. Koma pampu imakoka madzi amene alipo, sipanga madzi. Imafuna mafuta kapena magetsi, imafuna zitsulo zocokera ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo ikafa pakati pa September mbeu sizidikira makanika. Caka ca 2024 cinaphunzitsa zimenezi ndi mkwapulo. Pa 29 February Purezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala casanduka tsoka la dziko lonse: maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinafota. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nasowa maola ambiri tsiku ndi tsiku. M'caka cotere, monganso m'cirala ca 1992, dimba limaleka kukhala la ndiwo zokha, limasanduka munda weniweni wa banja. Kangalande ka makolo sikadziwa mtengo wa dizilo, ndipo kakagumuka mwini ace amakakonza mmawa umodzi ndi khasu lomwe liri kuseri kwa citseko.

Wina adzanena kuti Petauke si Nyanga, kuti mitsinje yambiri ya kuno imaleka kuyenda m'cirimwe, ndipo palibe ngalande ingatenge madzi pa mcenga wouma. Wanena zoona, ndipo cifukwa cace zizindikiro zakale ziri zamtengo wapatali. Si dambo lonse limene liri ndi kasupe, ndipo si khwawa lonse limene lingagwire damu. Makolo anayesa malo ambiri, nalephera, nayesanso kwina, mpaka anapeza pamene madzi amakhala. Citsime cokwiririka ndi yankho la funso limene akatswiri a lero amalifunsa ndi makina okwera mtengo. Madzi saiwala khwawa: pamene anatuluka kale akhoza kutulukanso, citunda ca pamwamba cikabvekedwa mitengo ndi migula. Ndipo pamene pali mfuleni woyenda, njira yace siibisika. Alimi a m'mapiri a Ntcheu ku Malawi ndi a ku Tsangano ku Mozambique amapatutsa timitsinje ndi makasu, nalima mbatata ya kacewere, matimati ndi kabici pakati pa cirimwe. Kumpoto kwa Zambia ndi ku Luapula, kuyambira 2009, alangizi a ulimi mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA anaphunzitsa midzi kuchinga mitsinje ndi mitengo, udzu ndi dothi, ndi kukumba ngalande zopingasa. Zipangizo zonse za nchito imeneyi zimamera m'chire.

Koma nchitoyi iri ndi ngozi zace, ndipo woinyalanyaza ndi woicita mopupuluma onse awiri aononga. Ngalande yozama yokumbidwa pakati pa dambo molunjika kumunsi imakhetsa dambo lonse ndi kuyambitsa cigwembe. Mgula wosayesedwa bwino umaunjika madzi pa malo amodzi, nuphulika, nukokolola munda koposa pamene panalibe mgula. Madzi oima m'ngalande yosasamalidwa amaswetsa udzudzu ndi nkhono za likodzo. Cifukwa cace wofuna kuutsa nchito yakale ayenera kuyamba waiphunzira, pakuti safunsa anadya phula.

Cinthu cinanso cimene miyala ndi dothi sizinena, koma cimene ciri cacikulu koposa, ndi pangano la anthu. Ngalande imafa m'mitima isanafe m'nthaka. Madzi amodzi amapita pa minda ya anthu ambiri: wa kumtunda akatseka, wa kumunsi amalira, wina akakana kukumba gawo lace, ngalande yonse imaima. Ku Valais banja liri lonse linali ndi maola ace a madzi, olembedwa pa timitengo tocekaceka, ndipo onse anali kutuluka tsiku limodzi kukakonza ngalande. Kwa Amarakwet ngalande ndi ya pfuko, ndipo akulu ndiwo amagawa nthawi ya madzi. Madamu ambiri a kuno anafa cifukwa anali a Boma: anthu anayembekeza Boma kuti lidzacotse mcenga, lidzadule mitengo yomera pa khoma, lidzaletse ng'ombe kupondaponda potulukira madzi. Cinthu ca aliyense cinakhala copanda mwini. Mudzi umene sungapangane za tsiku lokonza damu, ngakhale utapatsidwa injini yatsopano, udzaiona ikucita dzimbiri pa zaka ziwiri.

Malamulo a dziko sadzapulumutsa zizindikiro zimenezi. Lamulo la 1989 losunga zinthu zakale limateteza makamaka zopangidwa cisanafike caka ca 1924, ndipo migula ndi madamu a m'ma 1940 ndi 1950 ali kunja kwa malire amenewo. Palibe mlendo adzalipira ndalama kuti aone kangalande ka m'dimba. Mbiri yace siiri m'mabuku. Iri m'mitu ya anthu amene ananyamula dothi ali anyamata ndi atsikana, ndipo otsala a iwo apyola zaka 80. Maliro ali onse a nkhalamba yotere amakwirira dzina la kasupe wina, ndi cidziwitso ca caka cimene damu lina linaphulika ndi cifukwa cace. Mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina anawamva.

Apa ndi pamene mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu ali ndi nchito imene palibe wina angaicite. Iye adziwa kulemba, kuyesa ndi kujambula mapu. Agogo ace adziwa nthaka. Ambiri a iwo akhala pamudzi kudikira makalata a nchito amene sabwera, ndipo amadziona ngati anthu otayika. Atenge kope ndi pensulo, apite ndi nkhalamba pa lupsa, alembe mgula uli wonse, citsime ciri conse, ndi dzina la khwawa liri lonse, mwezi umene madzi ace amaphwa tsopano ndi mwezi umene anali kuphwa kale. Aphunzire kwa mlangizi wa ulimi kuyesa mtsetse ndi mitengo itatu yomangidwa pamodzi ndi cingwe ca mwala colendewera pakati, pakuti cipangizo cimeneci sicifuna ndalama. Atengere mapu ace kwa mfumu ya mudzi, kuti mudzi upangane za malo a kumutu kwa mfuleni amene nkhwangwa siidzalowamo. Lamulo la nkhalango la 2015 limalola midzi kupanga magulu osamala nkhalango zao mobvomerezeka ndi Boma, ndipo gulu lotere limafuna mlembi. Ayambe ndi khwawa limodzi, pakuti tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha.

Mafumu naonso ali ndi mbali yao. Malo ndi a mfumu, ndipo mau a Kalindawalo, Ndake, Nyalugwe, Mwape, Sandwe ndi anzao amamveka kumene kalata ya Boma siifika. Caka ndi caka mwezi wa October Ansenga amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba kuthokoza ndi kupempha mvula. Mwambowo ndi wolemekezeka. Koma mtundu umene upempha mvula mu October, nuilekerera ithawire ku Luangwa mu January itanyamula nthaka ya ana ace, uli ngati munthu wopempha ufa atatambasula dengu lobooka. Mfumu imene iweruza milandu ya malire ikhozanso kuweruza kuti wodula mgula wa pamwamba pa dimba la mnzace wamlakwira monga wolowetsa ng'ombe m'cimanga cace.

Nthawi ya nchito imeneyi ndi yaifupi. Mizere yakale imaoneka masabata owerengeka okha, pakati pa lupsa ndi mvula yoyamba. November akafika udzu umaphuka nuibisanso, pulawo imalowa m'munda, ndipo pamene pali mgula woduka madzi amakuza mpata wace. Mgula umene sudzalembedwa ndi kukonzedwa caka cino, caka ca mawa udzakhala wafupika, ndipo nkhalamba imene ikanaufotokoza mwina siidzakhalapo.